Chitsulo cha a Chakachino

Dzina lawo lenileni linakwiririka kalekale. M'tauni monse ankawadziwa kuti a Chakachino, chifukwa aliyense akawafunsa kuti, "Kodi magetsi anu aja muyatsa liti?" yankho linali limodzimodzi: "Chaka chino." Ankanena mosaseka, chala chili m'mwamba, ngati munthu amene wangotuluka kumene mumsonkhano wa akuluakulu. Ana amene anayamba kumva yankholo ali kumsana anakula n'kubereka awo, ndipo awonso anaphunzira kukuwa pamsewu kuti, "Agogo, liti?" A Chakachino ankangokweza chala chija n'kupitiriza kupalasa njinga yawo.

Ankagwira ntchito pa fakitale yopangira magetsi ndi malasha, kuseri kwa njanji. Kunena kuti fakitale n'kuilemekeza chabe. Chumuni chinalipo, chachitali moti munthu unkachiona usanalowe m'tauni, koma utsi sichinaulawepo. Boyila, chowiritsira madzi kuti atulutse nthunzi, anamangidwa mpaka pakati n'kusiyidwa. Pabwalo lothirapo malasha panamera udzu wabwino kwambiri, ndipo mbuzi za anthu zinkayamikira. Chimene chinafika chathunthu chinali chimodzi chokha, tabaini, makina amene nthunzi imawazungulitsa kuti magetsi apangike. Inabwera pa chigalimoto cha matayala osawerengeka, anthu atandanda m'mbali mwa msewu akuwomba m'manja, ndipo anakaigoneka m'chinyumba chachikulu cha malata.

Nthawi imeneyo a Chakachino anali makaniko wachinyamata, wa manja abwino, wokwatira kumene. Anawasankha pakati pa anthu ambirimbiri, kuwatumiza kukaphunzira za makinawo, ndipo anabwerako ndi ovolosi ya buluu ndi mayendedwe atsopano. Akanadziwa! Asanaichape kawiri n'komwe ovolosiyo, eni ndalama akunja amene ankalipirira ntchitoyo anadzuka tsiku lina atatembenuka mtima. Anati malasha akuipitsa mpweya, akutenthetsa dziko, ndiye sangaikenso ndalama zawo pa utsi. Sankanama ayi, ngakhale mvula yomwe inali itayamba kubwera ngati mlendo wosadziwa njira. Koma mayiko awo anali atanenepa ndi utsi womwewo kuyambira nthawi ya agogo a agogo awo, ndipo zimawawa kulalikidwa za kusala kudya ndi munthu amene akutokosa m'mano.

Omanga analongedza katundu wawo. Injiniya wamkulu, tsiku lonyamuka, anaitana a Chakachino ndi mnzawo wina n'kuwaimika pafupi ndi tabaini. Anawaonetsa shafuti, chitsulo chachitali chodutsa pakati pa makinawo, chonenepa kuposa thunthu la mtengo waukulu. Anati chitsulo chimenechi chikagona mbali imodzi nthawi yaitali chimapindika chokha ndi kulemera kwake. Kupindikako sikuoneka ndi maso, n'kochepa kuposa tsitsi, koma tsiku loyatsa makina onse angadzigwedeze mpaka kusweka. Mankhwala ake ndi amodzi: sabata iliyonse chizitembenuzidwa pang'ono kuti chigonere mbali ina. Wina azipopa oyilo ndi pampu ya manja kuti chitsulocho chiyandame pa zogonera zake, wina azikankha chimpini chachitali cholowetsa m'magiya. Kukankha popanda wopopa n'kukanda chitsulo. "Tibweranso," anatero injiniyayo. "Tidzachipeze chowongoka."

Ena akanamva mawu amenewa ngati kutsanzika chabe. A Chakachino anawamva ngati lumbiro. Lolemba lililonse m'mamawa ankatsegula chitseko cholemera chija, kusesa ndowe za mileme, kupukuta chitsulocho ndi nsalu yoyera, kenako iwo pa mpini, mnzawo pa pampu. Chitsulo chinkayamba ndi kabuulo kakang'ono, kenako n'kuyenda mwa myaa. Chikafika pamalo ake ankachilemba ndi choko. Masiku otsalawo ankathira girisi apa ndi apo, kuthamangitsa mbuzi, ndi kuyankha funso lija.

Boma silinanene kuti fakitale yafa. Boma silinena zoterozo. Chisankho chikayandikira kunkabwera magalimoto akuda, munthu wamimba n'kuvala chipewa cholimba cha pa ntchito, kugwira fosholo yomangiriridwa riboni, n'kulengeza kuti apeza abwenzi atsopano a ndalama kutsidya lina. A Chakachino ankaimikidwa kumbuyo kwake kuti atuluke pa chithunzi. Chisankho chikapita, abwenziwo nawonso ankatembenuka mtima. M'tauni magetsi ankabwera ngati mbale wokhala kutali, kungosuzumira n'kubwerera. Amayi ankaphikira makala, ndipo mapiri onse ozungulira anametedwa mpala. Mpweya uja ankati akuuteteza unkadzaza utsi wa mitengo.

Kenako kampani inati anthu awiri pa makina ogona achuluka. Mnzawo uja anam'chotsa. A Chakachino anapita kuofesi kukafotokoza kuti ntchitoyo ndi ya anthu awiri, ndipo bwana wake, maso ali pa foni, anawauza kuti aone chochita. Anachionadi. Kunyumba kunali mwana wawo mmodzi yekhayo, mnyamata wamtali, wofatsa, amene anali atangomaliza kumene maphunziro a zowotcherera zitsulo. Bambo ake ndi amene anamusankhira ntchitoyo, ati fakitale ikadzayatsidwa owotcherera adzamwa wamkaka. Lolemba lotsatira mnyamatayo anagwira pampu, popanda malipiro, pongothandiza bambo ake kwa kanthawi. Anthu a m'tauni, amene sachedwa pa zotere, anamutcha Chakachamawa.

Mwayi wake unabwera kamodzi. Kampani ina yoika magalasi a sola m'masukulu ndi m'zipatala za kutali inkafuna achinyamata odziwa kuwotcherera, kuti iwaphunzitsenso za magetsi. Mnyamatayo anapita kukayesedwa mwakachetechete, ndipo anam'tenga. Nkhaniyo anaiulula Lamulungu masana, onse atatu atakhala pabalaza, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri. Pakhoma panali chithunzi cha a Chakachino ataima kumbuyo kwa wamimba wina.

"Bambo, akuti tinyamuke kumapeto kwa mwezi uno," anatero, maso ali pansi.

A Chakachino anatsitsa wailesi. "Unyamuke kupita kuti? Kukakhoma timagalasi pamadenga a anthu?"

"Ndi ntchito, bambo. Akulipira, komanso akuphunzitsa."

"Zidole zimenezo! Mtambo ukadutsa, magetsi athima. Iwe unaonapo dziko likutukuka ndi galasi? Dziko limafuna moto, mwanawe. Moto weniweni."

Akazi awo, amene ankasoka batani la ovolosi ija, anadula ulusi ndi mano. Bambo a mayiwa anali atagwira ntchito mumgodi wa malasha n'kumwalira akutsokomola zakuda, choncho moto weniweniwo sunkawasangalatsa kwenikweni. "Abambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. "Mwanayu mumusiye apite. Chitsulo chanucho chilibe mimba. Uyu ali nayo."

"Inu amayi, zamakina mumazidziwira kuti? Chaka chino tiyatsa. Uyu adzakhala woyamba kulembedwa, chifukwa makina amenewa akuwadziwa kale. Ndikulonjeza pamaso panu, mwana ameneyu adzagwira ntchito mufakitale muja." Kenako anatembenukira kwa mwanayo n'kufunsa funso limene linali lenileni, mawu atatsika. "Nanga iwe ukapita, andipopere oyilo ndani?"

Mnyamatayo akanakhala wamwano bwenzi atapulumuka. Tsoka lake linali lakuti anamulera bwino. Mwezi unatha, anzake anakwera lole n'kupita, ndipo iye Lolemba anadzuka m'mamawa n'kukwera pakaliyala pa njinga ya bambo ake.

Zaka zinapita mmene zimapitira kwa anthu odikira, osamva phokoso. Mwanayo anatsegula kamsasa kowotcherera mageti ndi mawindo pafupi ndi msika, koma wowotcherera wopanda magetsi ndi mlonda wa zitsulo basi. Ankakhala pa benchi tsiku lonse, makina ali zii, makasitomala n'kumam'tukwana kuti ndi waulesi. Anaphunzira kudula zitsulo ndi gasi kuti asafe ndi njala. Ntchito zazikulu zikapezeka kutali sankazilandira, chifukwa sabata ili ndi Lolemba. Anakwatira, n'kulowetsa mkazi wake m'chipinda chachiwiri cha makolo ake, ana n'kumagona pabalaza pansi pa chithunzi chija. Anzake aja ankabwera kutchuthi pa njinga zamoto, ena pa galimoto zolembedwa mayina awo pachitseko, ndipo ankamupatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso, ulemu uja timapatsa wodwala.

Kodi a Chakachino sankaona? Ankaona. Maso anali nawo. Koma munthu amene wathira moyo wake wonse mumtsuko umodzi safuna kuusuzumira pansi. Akaona nkhope ya mwana wawo itagwa, ankapukuta chitsulo chija mwamphamvu kuposa kale, n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewo unavutika m'nyumba imeneyo, moti akazi awo ankatuluka panja akangoumva ukuyamba.

Ndiye tsiku lina kunamveka kuti kukubwera ogula. Osati wamimba wa fosholo, koma anthu enieni a zamakina. A Chakachino anapenta pansi ponse m'chinyumba muja, kutchetcha udzu, kuchapitsa ovolosi. Anadziuza kuti ngakhale makinawo atawanyamula kupita nawo dziko lina, bola akazungulire, ndipo amene akuwadziwa sangam'siye. Anauza mwana wawo kuti amete.

Anabwera anthu awiri, mayi wina injiniya ndi bambo wina wamfupi, wa mawu okhuthala, amene anati ndi kapitawo wa ogulawo. Injiniyayo anamangirira kachipangizo kokhala ngati wotchi pa shafuti n'kupempha kuti aitembenuze. Mwana anapopa, bambo anakankha, chitsulo chinayenda. Muvi wa kachipangizoko unangonjenjemera pang'ono n'kukhala pomwepo. Mayiyo anayesa pena, n'kuyesanso pena, kenako anavula magalasi ake.

"Chawongoka ngati chachokera kufakitale dzulo," anatero. "Sindinaonepo zoterezi. Bambo, mwagwira ntchito."

A Chakachino anayang'ana mwana wawo, chala chija chikufuna kukwera chokha. "Ndiye mukachiyatsira kuti, mayi?"

Injiniyayo anayang'ana kapitawo, n'kuyamba kulongedza kachipangizo kake m'bokosi pang'onopang'ono. Kapitawo ndiye analibe nthawi yozungulira.

"Achikulire, amayiwa anabwera kudzaona ngati pali amene angachigule chamoyo. Tafunsa konsekonse. Chachikale kwambiri, zipangizo zake anasiya kupanga, komanso palibe banki imene ikufuna kumva za malasha. Ife timagula pa sikelo."

"Pa sikelo?"

"Pa kulemera. Timadula, timakweza, amakasungunula."

"Koma mwamva okha kuti chawongoka!"

"Ndamva, ndipo ndakupatsani ulemu. Koma sikelo siona zimenezo, achikulire. Chowongoka, chopindika, mtengo ndi umodzi."

Tsiku limenelo njinga anaikankha mpaka kunyumba. Pamsewu kamwana kena kanakuwa, "Agogo, liti?" ndipo iwo anangodutsa. Anafika n'kukhala pakhonde, nsapato zili kuphazi, akutukwana chamumtima aliyense motsatana: injiniya wa "tibweranso" uja, eni ndalama otokosa m'mano, amimba onse a mafosholo, bwana wa foni. Onsewa anawagwiritsa fuwa la moto. Mndandandawo unali wautali, ndipo ankauyambiranso usanathe, kuopa dzina limene linali kumapeto kwake, lawo lomwe.

Odula anafika sabata yotsatira ndi mabotolo a gasi ndi kireni yonyamulira zitsulo. Anayamba ndi boyila, kenako mapaipi, kenako anasenda tabaini chikuto chake n'kuthothola zipsepse zake zonse, shafuti n'kutsala yokha pa zogonera zake. A Chakachino sanapiteko. Ankamva kugwa kwa zitsulo ali pakhonde pomwepo. Mwana wawo ankatuluka m'mamawa n'kubwera madzulo akununkha utsi, ndipo palibe amene ankafunsa mnzake kanthu.

Tsiku lina anabwera masana, magalasi akuda ali pamphumi, n'kunjuta pafupi ndi mpando wa bambo ake.

"Bambo, anandilemba. Ndine amene ndikudula."

"Ndikudziwa. Ndili ndi mphuno."

"Akapitawo akuti manja anga awakonda. Akuti ndikamaliza bwino pano anditenga. Mafakitale otere alipo ambiri, ena osayatsidwa ngati yathuyi, ena otsekedwa. Akuti ntchito yodula siitha msanga."

"Ndiye pita. Ukufuna ndikuvinire?"

"Patsala shafuti, bambo. Yanenepa kwambiri, moto sungaboole mbali imodzi. Ikufunika izitembenuka pang'onopang'ono ine ndikudula mozungulira. Anyamata awo ayesa dzulo, angokanda magiya, yakana. Akapitawo akuti ikakanika mawa aitanitsa anthu awo a kumzinda ndi makina aakulu, ndiye za ine zathera pomwepo."

A Chakachino anamuyang'ana ngati wawatukwanira amayi awo. "Ukundiuza kuti ndikachigwire miyendo iwe ukuchizinga?"

"Ndikukupemphani."

"Choka pamaso panga."

Mwanayo anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kumapita. Sanamenyetse geti. Ngakhale pamenepa anali woleredwa bwino, ndipo zimenezo zinawapweteka a Chakachino kuposa mwano uliwonse.

Akazi awo anali atamva zonse ali pakhomo, kamdzukulu kali m'manja. Sanaponye mwambi ulendo uno. "Abambo," anatero, "mwanayu anakupoperani oyilo unyamata wake wonse. Sanakupempheni kanthu, ngakhale sopo. Lero wapempha."

"Mukudziwa chimene wapempha?"

"Ndikudziwa. Nanunso munkadziwa chimene munapempha tsiku lija."

Analowa m'nyumba n'kuwasiya okha ndi dzina lija la kumapeto kwa mndandanda.

M'mawa mwake anavala ovolosi n'kupita. M'chinyumba muja theka la malata linali litachotsedwa, dzuwa likulowa pamalo amene silinalowepo chiyambire. Pansi pamene anapenta paja panali zidutswa ndi mapazi a matope. Kapitawo anawathamangira kudzawagwira chanza, iwo anangomudutsa. Anachotsa mpini pamene anyamata aja anaulowetsa mokhota n'kuuika m'malo mwake. Anaitana mmodzi wa anyamatawo n'kumuonetsa kapopedwe: osathamanga, osadukiza, uzimvera pampu ikamalimba. Kenako, chifukwa dzanja silimva zimene mutu wagamula, anatulutsa nsalu m'thumba n'kupukuta pamene mwana wawo anali atajambula mzere wodulapo.

Mwanayo anatsitsa magalasi n'kuyatsa moto. Lawi linalira, linasanduka la buluu, n'kuluma chitsulo. Pamalopo panafiira, panayera, kenako panayamba kuthetheka.

"Tembenuzani, bambo!"

Anakankha. Chitsulo chinayenda mwaulemu wake wonse, kudzipereka chokha ku moto. Akanakonda chikanakana, chikanabuula, chikanasonyeza kuti chikudziwa. Koma anali atachisamala bwino kwambiri moti chinalibe pogwira.

"Imani! Tembenuzaninso!"

Anagwira ntchito choncho mpaka dzuwa linafika pamutu, mwana kulamula, bambo kumvera. Mzere unkazama ulendo uliwonse. Utsi wa oyilo wopserera unkakwera kudutsa pamene panali denga, ndipo anthu odutsa kumsewu ankaima n'kuloza, chifukwa kanali koyamba kuona utsi ukutuluka pa fakitale ija. Thukuta linkawalowa m'maso a Chakachino, ndipo sanalipukute, linawathandiza kubisa zina.

Kenako kunamveka kulira kumodzi kouma. Maunyolo a kireni anakungika, ndipo theka la shafuti linalendewera m'mwamba, mkati mwake mukunyezimira, mopanda dzimbiri ngakhale kadontho. Anyamata anaimba mluzu. Kapitawo anamenya mwanayo paphewa n'kunena kuti akonze chikwama, lole inyamuka ikangodzaza.

A Chakachino anasiya mpini n'kuyenda kupita pamene mwana wawo anakhala, pa botolo la gasi lopanda kanthu. Mawu anali atawakonza njira yonse m'mawa uja, koma atafika pafupi anatsala ochepa.

"Ulendo uja wa magalasi a sola," anatero. "Ukanapita."

"Musayambe, bambo. Patsala chidutswa china, ndipo gasi watsala pang'ono."

Mwanayo anavula magalasi ndi chipewa kuti apukute kumaso, n'kuweramitsa mutu. M'chinyumba muja munali mdima zaka zonsezi, ndipo maso a bambo ake ankakhala pa chitsulo. Tsopano, padzuwa, anamuona bwinobwino mnyamata uja anabwera kudzathandiza kwa kanthawi. Pamwamba pa makutu, mpaka chakunkhongo, tsitsi lake linali ndi imvi.